Zitsulo zapoizoni zimene zimabisala m'fumbi la m'tauni

Mukadutsitsa chala pawindo la nyumba imene ili m'mbali mwa msewu waukulu, chimatuluka ndi fumbi lakuda, losalala ngati ufa. Fumbi limenelo si dothi lokha. Akalipima ku labotale amapezamo kopa wochokera ku mabuleki a galimoto, zinc wa m'matayala, mtovu wa penti wakale ndi wa mabatire, ndipo kumalo ena amapezamo cadmium, arsenic, chromium, nickel ndi manganese. Asayansi amazitchula kuti heavy metals, koma kulemera kwake si kumene kumadetsa nkhawa. Chodetsa nkhawa n'chakuti zimawononga thupi ngakhale zitalowa zochepa kwambiri, ndiponso siziwola.

Mfundo yachiwiriyi ndi imene anthu ambiri amaiphonya. Utsi umabalalika ndi mphepo, fungo limatha, ndipo mankhwala ambiri oipitsa mpweya amasweka ndi dzuwa kapena mvula. Chitsulo sichisweka kukhala china. Chimangosamuka, kuchoka mumpweya kugwera padothi, kuchoka padothi kuuluka ndi mphepo, kulowa m'nyumba pansapato, kenako kukathera m'manja mwa mwana. Umboni wake ndi petulo wa mtovu. Anayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1920, mayiko a ku Africa kum'mwera kwa Sahara anamuleka pofika kumayambiriro kwa 2006, ndipo dziko lomaliza kumuleka, la Algeria, linatero mu 2021. Koma mtovu umene unatuluka m'magalimoto zaka zonsezo ukadali m'dothi la m'mbali mwa misewu yakale, makamaka m'masentimita ochepa a pamwamba, ndipo nyengo youma ikafika umabwereranso mumpweya.

Kumene zimachokera

Galimoto imaipitsa mpweya ngakhale ilibe utsi. Dalaivala akaponda buleki, mapadi amakhulana ndi chitsulo n'kutaya tizidutswa ta ayironi, kopa, antimony ndi barium. N'chifukwa chake fumbi la pamphambano ndi pamaloboti limakhala ndi zitsulo zambiri kuposa la pamsewu woongoka. Matayala ali ndi zinc, pafupifupi gawo limodzi kapena awiri pa 100 a kulemera kwake, ndipo amanka naperepeseka pamtunda uliwonse. Magalimoto amagetsi sathetsa vutoli, chifukwa nawonso ali ndi matayala ndipo amautsa fumbi limene linagwa kale.

Mafakitale osungunula zitsulo, opanga simenti ndi owotcha malasha amatulutsa arsenic, cadmium, mercury ndi mtovu. Mafuta akuda a sitima zapamadzi ndi a majenereta akuluakulu amatulutsa nickel ndi vanadium. Owotcherera zitsulo amapuma utsi wa manganese, ndipo akamawotcherera chitsulo chosachita dzimbiri amapumanso chromium ya mtundu woopsa kwambiri. Komabe gwero limene limavulaza anthu koposa nthawi zambiri si fakitale yaikulu yokhala ndi chumuni chachitali, koma kantchito kakang'ono kochitikira pakati pa nyumba za anthu, monga kuphwanya mabatire akutha n'kusungunula mtovu wake pamoto. Mtovu wochuluka padziko lonse, pafupifupi magawo 85 pa 100, umapita kumabatire a galimoto ndi a sola, ndipo kuposa theka la kulemera kwa batire lotere ndi mtovu. Umasungunuka pa madigiri 327 okha, choncho moto wamba umakwanitsa, ndipo utsi wake ukazizira umasanduka fumbi losaoneka limene limagwera pabwalo, pazovala zoyanika ndi pambale. N'chimodzimodzinso kuwotcha mawaya kuti mutsale kopa, kuswa magalasi a ma TV akale aja onenepa kumbuyo, kapena kuwotcha zinyalala zosakanikirana ndi mabatire ang'onoang'ono. Matabwa obiriwira aja onyikidwa m'mankhwala oteteza chiswe nthawi zambiri amakhala ndi kopa, chromium ndi arsenic, ndipo sayenera kusonkhezeredwa pamoto ngakhale pang'ono, pakuti utsi wake ndi phulusa lake zonse ndi poizoni.

Mphuno ndi pakamwa

Kumene kachidutswa ka fumbi kakathere m'thupi kumadalira kukula kwake. Amayeza m'mamaikulomita, ndipo maikulomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Tsitsi la munthu n'lonenepa mamaikulomita 50 mpaka 70. Tizidutswa tosaposa mamaikulomita 10, totchedwa PM10, timadutsa m'mphuno n'kulowa m'njira za mpweya. Tosaposa 2.5, totchedwa PM2.5, timafika pansi penipeni pa mapapo, m'timatumba momwe mpweya umakumana ndi magazi, ndipo zitsulo zimene tanyamula zimasungunukira momwemo. Utsi wa moto ndi wa zitsulo zosungunuka umakhala wa tizidutswa tating'ono chonchi. Fumbi la kukhulana ndi la dothi limakhala lokulirapo, ndipo limakodwa m'mamina ndi m'makhololo. Koma kukodwako sikutanthauza kuti latuluka, chifukwa makhololo ambiri timameza osadziwa, ndiye chitsulocho chimalowera kumimba.

Kwa mwana wamng'ono, pakamwa ndiye khomo lalikulu. Mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri amakwawa pansi, amagwira chilichonse, amayamwa zala ndi zidole. Akatswiri powerengera ngozi amayerekeza kuti mwana wotere amameza fumbi ndi dothi lokwana mamiligalamu 50 mpaka 100 patsiku, kafumbi kongotsina ndi zala ziwiri. Tiyeni tiwerengere. Dothi lachilengedwe nthawi zambiri limakhala ndi mtovu wosaposa mamiligalamu 50 pa kilogalamu. Tinene kuti fumbi la pakhomo pena lili ndi mamiligalamu 500 pa kilogalamu, mlingo umene si wachilendo pafupi ndi msewu wakale wodutsa magalimoto ambiri kapena nyumba yosupuka penti. Mwana akameza mamiligalamu 100 a fumbilo, wameza mamaikulogalamu 50 a mtovu (maikulogalamu imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a miligalamu). Matumbo a mwana amayamwa mtovu kuwirikiza kanayi kapena kasanu poyerekeza ndi a munthu wamkulu, mpaka kufika theka la umene wamezedwa. Bambo ake, amene akukhala m'nyumba yomweyo, amameza fumbi lochepa, amayamwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo thupi lawo n'lolemera kuwirikiza kasanu. Nyumba ndi imodzi, koma mlingo umene awiriwa akulandira ndi wosiyana kutalitali. Mwana wanjala kapena wosowa ayironi ndi kashiamu m'thupi amayamwa wochulukirapo, chifukwa matumbo ake amakhala akufunafuna michere imeneyi ndipo mtovu umadzera njira yomweyo.

Mtovu ukalowa

Thupi lilibe ntchito iliyonse ndi mtovu, koma limausokoneza ndi kashiamu. Umayamba wazungulira m'magazi, momwe theka lake limachoka pakatha pafupifupi mwezi. Wina umatuluka mumkodzo, koma wambiri umangosamukira m'mafupa ndi m'mano, kumene umakhala zaka makumi. Mwa munthu wamkulu, mtovu woposa magawo 90 pa 100 umakhala m'mafupa. Mayi akakhala woyembekezera kapena akamayamwitsa, thupi limakatapa kashiamu m'mafupa, ndipo mtovu umene anaupuma ali mtsikana umatulukira limodzi n'kufika kwa mwana wosabadwayo. Umawonjezera ngozi ya kupita padera, kubereka masiku asanakwane ndi kubereka mwana wochepa sikelo.

M'magazi, mtovu umatsekereza ntchito yopanga hemoglobin, imene imanyamula mpweya m'magazi, ndiye munthu amachepa magazi. Mu ubongo wa mwana, umene ukulumikiza mitsempha yake mothamanga m'zaka zisanu zoyambirira, umasokoneza mauthenga amene amadalira kashiamu. Zotsatira zake sizibwera ndi malungo kapena zilonda. Mwana amangochedwa kulankhula, satha kukhazikika, amaiwala msanga, amapsa mtima, ndipo akayamba sukulu amatchedwa waulesi kapena wopulupudza. Apa ndi pamene pamapweteka mtima, chifukwa mwanayo amalangidwa kaamba ka chinthu chimene chinam'lowa akukwawa.

Mtovu wa m'magazi amauyeza m'mamaikulogalamu pa desilita, ndipo desilita ndi mamililita 100. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wodziwika kuti ndi wabwino. Malangizo ake a mu 2021 amati munthu akapezeka ndi 5 kapena kuposa, gwero lifufuzidwe ndi kutsekedwa, ndipo chaka chomwecho bungwe lolimbana ndi matenda la CDC ku United States linatsitsa mlingo wake wochenjezera kufika pa 3.5. Kafukufuku wa mu 2005 wotsogoleredwa ndi Bruce Lanphear, amene anaphatikiza ana oposa 1,300 a m'mayiko angapo, anapeza chinthu chodabwitsa. Mtovu ukakwera kuchoka pa 2.4 kufika pa 10, nzeru za mwana pa muyeso wa IQ zimatsika ndi mapointi pafupifupi 4. Kuchoka pa 10 kufika pa 20 zimatsika ndi pafupifupi 2, ndipo kuchoka pa 20 kufika pa 30 ndi pafupifupi 1. Ndiye kuti mtovu woyamba kulowa ndi umene umaba zambiri. Mawu akuti "ndi wochepa chabe" sagwira ntchito pankhaniyi. Mu 2020, UNICEF ndi Pure Earth anayerekeza kuti mwana mmodzi mwa atatu padziko lonse, ana okwana mpaka 800 miliyoni, ali ndi mtovu wofika pa 5 kapena kuposa.

Mlingo ukakwera kwambiri zizindikiro zimaonekera. Mwana amamva m'mimba kupotokola, amadzimbidwa, amasanza, amafooka, kenako ubongo umatupa, amakomoka ndi kugwedezeka ngati wa khunyu, ndipo akhoza kumwalira. Zimenezi zimafanana ndi malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi, choncho kawirikawiri zimazindikirika mochedwa. Ku Thiaroye-sur-Mer, m'mbali mwa mzinda wa Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa kumapeto kwa 2007 ndi kumayambiriro kwa 2008. Kuderali anthu anakhala akuphwanya mabatire kwa zaka zambiri, ndipo mtengo wa mtovu utakwera anayamba kusefa dothi la pamalopo, ena m'makomo mwawo, kuti atolemo tizidutswa togulitsa. Ku Kabwe m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero mphepo imanyamula fumbi la pamilu ya zotsalira kupita nalo m'makomo oyandikana nawo.

Akuluakulu nawo sapulumuka. Mtovu umakweza kuthamanga kwa magazi, umawononga impso ndi mitsempha ya mtima, ndipo umachepetsa mphamvu yobereka mwa abambo. WHO imati mu 2021 unachititsa imfa zoposa 1.5 miliyoni, zambiri mwa izo kudzera m'matenda a mtima ndi sitiroko.

Zitsulo zinazo

Cadmium imalimbana ndi impso. Yomezedwa imayamwidwa pang'ono, pafupifupi magawo 5 pa 100, koma yopumidwa imalowa yambiri, ndipo ikafika mu impso theka lake limatenga zaka 10 mpaka 30 kuti lichoke. Imawononga timachubu timene timabweza mapuloteni ndi kashiamu m'magazi, ndiye zimenezi zimatayikira mumkodzo ndipo mafupa amanka nafewa. Anthu a m'chigwa cha mtsinje wa Jinzu ku Toyama m'dziko la Japan, amene cadmium ya kumgodi inawalowera m'madzi ndi m'minda, anatcha matendawa itai-itai, mawu a kulira kwa munthu amene mafupa akumuthyokera. Fodya amakoka cadmium m'dothi, choncho wosuta amadziwonjezera pamwamba pa imene akupuma kale mumsewu.

Bungwe lofufuza za khansa la IARC linaika arsenic, cadmium, chromium ya mtundu woopsa uja, wotchedwa wa 6, ndi mankhwala a nickel m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu, makamaka ya m'mapapo. Arsenic imayambitsanso khansa ya pakhungu ndi ya m'chikhodzodzo. Chromium yopumidwa kwa nthawi yaitali imadya kakhoma ka pakati pa mphuno mpaka kubooka. Manganese, amene thupi limamufuna pang'ono m'chakudya, akadzera m'mapapo amakaunjikana mu ubongo, ndipo munthu amayamba kuyenda mouma, kulankhula movutikira ndi kunjenjemera mofanana ndi wodwala matenda a Parkinson.

Mercury ndi yosiyana ndi zinzake chifukwa imauluka ngati nthunzi yopanda fungo ngakhale pasakhale moto, ndipo pafupifupi magawo 80 pa 100 a nthunzi yopumidwa amalowa m'magazi. Gwero lake lalikulu padziko ndi okumba golide ang'onoang'ono, amene amaisakaniza ndi golide kenako n'kuwotcha, ndipo kuwotchako nthawi zina kumachitikira m'mashopu ogula golide m'kati mwa tauni. Imayambitsa kunjenjemera kwa manja, kusowa tulo, kuiwala ndi kusintha khalidwe. Pangano la Minamata, limene linayamba kugwira ntchito mu 2017, linapangidwa kuti lichepetse zimenezi.

Palinso njira ina imene zitsulo zimavulazira, ngakhale zija zosaopsa kwenikweni monga ayironi ndi kopa. Zikakhala patizidutswa ta utsi n'kufika m'mapapo, zimayambitsa timankhwala tolusa timene timapsereza maselo, ndipo thupi limayankha ndi kutupa kumene kumautsa mphumu ndi kulemetsa mtima. Ku Utah Valley m'dziko la United States, fakitale ya zitsulo inatsekedwa kwa miyezi pafupifupi 13 mu 1986 ndi 1987. Wofufuza Arden Pope anapeza kuti ana ogonekedwa m'chipatala ndi matenda a m'chifuwa anachepa kwambiri m'nthawiyo, n'kuchulukanso itatsegulidwa. Fumbi limene linasungidwa pa zosefera mpweya za m'zaka zimenezo litapimidwa, la nthawi imene fakitale inkagwira ntchito linali ndi zitsulo zambiri ndipo linkatupitsa mapapo kwambiri.

Kupima

Timakina totsika mtengo toyeza PM2.5 timangonena kuchuluka kwa fumbi, osati zimene zili m'kati mwake. Kuti mudziwe zitsulo, mpweya umakokedwa kudutsa pa kasefa kwa maola 24 ndipo kasefako kamapita ku labotale. Dothi ndi penti amaziyeza pomwepo ndi makina ogwira pamanja otchedwa XRF. Penti wabwino sayenera kupitirira magawo 90 a mtovu pa 1,000,000. Mumpweya, WHO inaika malire a maikulogalamu 0.5 a mtovu pa kiyubiki mita pachaka.

Kwa munthu, mtovu umayezedwa m'magazi. Kubaya chala n'kofulumira, koma ngati chalacho sichinasambitsidwe bwino ndi sopo, fumbi la pakhungu limakweza zotsatira, choncho zikatuluka zokwera azitsimikize ndi magazi a mumtsempha. Kumbukiraninso kuti magazi amaonetsa kwambiri za masabata apitawa, osati zonse zimene zinasungidwa m'mafupa. Cadmium, arsenic ndi mercury ya nthunzi amaziyeza mumkodzo, ndipo woyezetsa arsenic asadye nsomba za m'nyanja ya mchere kwa masiku angapo chifukwa zimasokoneza zotsatira. Kuyeza tsitsi n'kosadalirika kwenikweni, pakuti sikusiyanitsa chimene chili m'thupi ndi chimene changomatirira kunja.

Chochita ndi fumbilo

Cholakwa chofala kwambiri ndi kusesa pouma. Tsache limatola zinyalala zazikulu koma limaulutsa fumbi losalala, lomwe ndi limene lili ndi zitsulo zambiri, ndipo limakagweranso pabedi ndi pachakudya patapita maola. Pansi pazikolopedwa ndi ndowa ziwiri, ina ya madzi a sopo, ina yotsukuluzira, ndipo madzi azisinthidwa akangoda. Yambani ndi mawindo ndi matebulo, malizani ndi pansi, kuchokera kuchipinda cham'kati kumka kukhomo. Madzi akudawo atayidwe m'chimbudzi, osati pabwalo posewerera ana kapena m'dimba. Ngati pamalo pafunika kusesa, wazanipo madzi kaye. Makina opopa fumbi opanda sefa yogwira fumbi losalala kwambiri, yotchedwa HEPA, amangolitulutsira kumbuyo. Nsapato zizitsala pakhomo. Manja a mwana azisambitsidwa ndi sopo asanadye ndiponso asanagone, zidole zizitsukidwa, ndipo dothi la pabwalo limene likukayikitsa likwiriridwe ndi kapinga, miyala kapena dothi labwino lokwana masentimita 15 kapena kuposa. Mwana azidya pafupipafupi chakudya chokhala ndi ayironi ndi kashiamu wokwanira, popeza m'mimba mopanda kanthu mumayamwa mtovu wambiri.

Wogwira ntchito ya mabatire, yowotcherera, yopala penti kapena yophwasula zamagetsi amanyamulira banja lake poizoni pazovala, patsitsi ndi pansapato. Avule ndi kusamba asanachoke kuntchito, zovalazo zichapidwe pazokha, ndipo asadye kapena kusuta ndi manja osasamba. Kansalu komanga pamphuno sikatchinga tizidutswa ta utsi wa chitsulo. Pamafunika masiki ya N95 kapena FFP2 yogwira bwino nkhope, ndipo ndevu zimaipangitsa kudontha m'mbali. Ngakhale masiki yotereyi sitchinga nthunzi ya mercury. Chikhulupiriro chakuti kumwa mkaka ukaweruka kumatsuka mtovu m'thupi n'chabodza, ndipo chimavulaza chifukwa munthu amadziona ngati watetezeka. Penti wakale asapalidwe pouma ndi sandipepa kapena kuwaulidwa ndi moto. Anyowetsedwe, pansi payalidwe pulasitiki, ndipo ana ndi amayi oyembekezera achoke kufikira m'nyumba mutakolopedwa. Kachipangizo koyezera kutentha thupi kapena getsi lalitali, zokhala ndi mercury m'kati, zikasweka, tulutsani anthu, tsegulani mawindo kwa mphindi zosachepera 15, kenako tolani timadontho ndi pepala lolimba ndi tepi yomata n'kutsekera m'botolo. Tsache kapena makina opopa fumbi zimangoiphwanya mercury kukhala timadontho tambiri touluka msanga.

Zonsezi zimachepetsa ngozi, koma tisanamizane, mayi sangakolope n'kugonjetsa ng'anjo yosungunulira mabatire imene ili kuseri kwa mpanda wake. Ntchito zotere ziyenera kuchotsedwa pakati pa nyumba za anthu, mabatire akutha azibwezedwa kwa ogulitsa kuti akaphwanyidwe m'mafakitale okhala ndi zosefera utsi, ndipo misewu izitsukidwa kapena kusesedwa ndi madzi.

Mankhwala ochotsa mtovu m'magazi alipo, monga succimer ndi calcium EDTA, ndipo madokotala amawaganizira mtovu wa m'magazi a mwana ukafika pa mamaikulogalamu 45 pa desilita kapena kuposa. Amapulumutsa moyo, koma sabwezeretsa nzeru zimene zatayika, ndipo sathandiza ngati mwana akubwerera kufumbi lomwe lija. Ku Zamfara m'dziko la Nigeria, kumene ana oposa 400 anamwalira mu 2010 chifukwa miyala ya golide yokhala ndi mtovu inkaperedwa m'makomo, madokotala a Médecins Sans Frontières anaona kuti mankhwala okha sangakwanire. Panafunika kupala dothi la pamwamba khomo ndi khomo, kukalikwirira kutali ndi kuthirapo dothi latsopano, kuti ana olandira mankhwalawo akhale ndi kobwerera.